ZIDA ZOPEZERA ULULU WOBISIKA

 Nkhani yathu ya lero iri ya zida zimene anthu a sayansi anapanga kuti azipeza nazo tinthu tating'ono tobisala mu mpweya, m'madzi, m'dothi ndi m'mwazi wa munthu.

Munthu ali yense ali ndi alonda atatu: maso, mphuno ndi lilime. Ndiwo zikasasa, mphuno itiuza. Madzi akakhala a matope, maso atiletsa kumwa. Koma ziripo zinthu zina zakupha zimene ziribe pfungo, ziribe maonekedwe, ndipo sizisowa kuculuka kuti zigwetse munthu wamphamvu. Pa zinthu zotere alonda athu atatu aja agona tulo. Kwa zaka zoposa 200 anthu anzeru akhala ali kufuna alonda ena amene sagona.

Tisanapite patali, timvane za muyeso. Opima zinthu izi anena za "gawo limodzi pa miliyoni." Tengani matumba akulu a cimanga coyera atatu kapena anai, muponyemo njere imodzi yofiira ndi kusanganiza: limenelo ndilo gawo limodzi pa miliyoni. Gawo limodzi pa mamiliyoni 1,000 ndi njere imodzi yomweyo m'matumba oposa 3,000. Kumbukirani njere yofiira imeneyi, pakuti nkhani yonse iri ya kuifuna.

LAWI LA NYALE NDI KAMBALAME

Nkhani iyamba m'migodi ya malasha ya ku Britain. M'caka ca 1812 mgodi wa Felling unaphulika, ndipo amuna ndi anyamata 92 anafa. Cimene cinaphulika ndi mpweya wochedwa methane, umene uturuka m'malasha. Ukafika magawo 5 pa 100 a mpweya wa m'mgodi, kalawi kakang'ono kakwanira kuuyatsa. M'caka ca 1815 Humphry Davy anapanga nyale imene lawi lace linachingidwa ndi waya woluka ngati sefa, kuti moto usaturuke kunja. Anchito anaona kuti nyaleyo iri ndi phindu linanso: pamene pali methane, lawi litalika ndi kubvala kacisoti ka buluu pamwamba pace. Kapitao wozolowera anali kudziwa kuculuka kwa mpweyawo poyang'ana kutalika kwa kacisotiko. Motero nyale inasanduka muyeso.

Koma unalipo mdani wina amene nyale sinathe kumuona. M'caka ca 1896 mgodi wa Tylorstown ku Wales unaphulika, nafa anthu 57. Dotolo wina wa ku Scotland, John Scott Haldane, anapita kukapima mitembo. Iye anapeza kuti ambiri sanafe ndi moto kapena ndi miyala; anafa ndi mpweya wotsalira pambuyo pa moto, wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulowa m'mwazi ndi kukhala pa malo a mpweya wabwino, ndipo mwazi uugwira mwamphamvu koposa ka 200 kuposa m'mene ugwirira wabwinowo. Munthu amva mutu, miyendo ilefuka, nagona pansi, pamene nyale yace iri kuyaka bwino lomwe.

Haldane anali munthu wolimba mtima, anapuma mpweyawo iye mwini kuti adziwe m'mene ugwirira thupi. Pambuyo pace analangiza kuti opulumutsa anzao m'migodi azinyamula mbewa kapena kambalame m'kakhola. Kanyama kakang'ono kapuma mofulumira, ndipo ululu ukagwira msanga munthu asanamve kanthu. Kambalame kacikasu kochedwa canary kakaleka kuyimba ndi kugwa pa kamtengo kace, amuna anadziwa kuti nthawi yothawa yafika. Timbalame timeneti tinagwira nchito m'migodi ya ku Britain kufikira caka ca 1986, pamene tinalowedwa m'malo ndi makina a magetsi.

Lero wanchito wa pansi amangirira pa lamba kabokosi kolingana ndi dzanja, kamene kalira ndi kuthwanima carbon monoxide akafika magawo makumi ocepa pa miliyoni. M'migodi yathu ya mkuwa mpweya umenewu utsalira pambuyo pa kuphulitsa miyala, uturukanso m'makina a dizilo. Ndipo inu a m'makomboni, musayese kuti nkhaniyi iri ya pansi pa mgodi pokha. Mbaula ya makala yolowetsedwa m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya June ndi July ituritsa mpweya womwewo umene unapha amuna a ku Tylorstown.

ULULU M'BWALO LA MILANDU

Nyale ndi mbalame zinali alonda a mpweya. Nanga ululu wa m'cakudya? Kale ku Ulaya anthu oipa mtima anali kupha abale ao ndi ufa woyera wochedwa arsenic. Ufawo ulibe kukoma kozindikirika, ndipo wakuudya adwala ngati wagwidwa ndi kolera, kotero kuti wakupha anali kupulumuka kawiri-kawiri.

James Marsh, wopima mankhwala wa ku Woolwich pafupi ndi London, anaitanidwa pa mlandu wa mnyamata amene anamganizira kuti wathira ufawo m'khofi wa agogo ace. Marsh anaupezadi ululuwo, koma pofika tsiku la mlandu cizindikiro cimene anaonetsa cinali citaonongeka, ndipo bwalo linamasula mnyamatayo. Cinthuci cinamuwawa Marsh, nagwira nchito kufikira m'caka ca 1836 anapeza njira yatsopano. Anali kuika cinthu cokaikitsaco m'botolo pamodzi ndi zinki ndi asidi. Ngati muli arsenic, muturuka mpweya umene, pouyatsa ndi kuika mbale yozizira pa lawi, usiya banga lakuda lonyezimira ngati kalirole. Banga limenelo silifufutika msanga, ndipo lioneka ngakhale ululu ucepe koposa kanjere ka mcere. M'caka ca 1840 ku France njirayi inatsutsa mkazi wina, Marie Lafarge, pa mlandu wa kupha mwamuna wace, ndipo mbiri yace inamveka ku Ulaya konse. Kuyambira pamenepo woweruza anakhala ndi mboni yatsopano imene silandira ciphuphu ndipo siopa munthu.

CINTHU CIRI CONSE CIRI NDI KUWALA KWACE

Amai, mcere ukagwera pa moto, mwaona kuti lawi lisanduka lacikasu. Abambo a ku ng'anjo, mudziwa kuti mkuwa ubiriwiritsa lawi. Pa cinthu codziwika cimeneci panamangidwa cida cacikulu koposa.

M'caka ca 1859 mu mzinda wa Heidelberg ku Germany, Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anapititsa kuwala kwa lawi pa galasi la ngondya zitatu, limene ligawa kuwala monga ucita utawaleza. Iwo anaona kuti citsulo ciri conse coikidwa pa lawi cionetsa mizere yace-yace yowala, pa malo ace-ace, monga munthu ali yense ali ndi cidindo ca cala cace. Cida cao cinachedwa spectroscope. M'caka ca 1860, popima madzi a pa kasupe wa ku Dürkheim, anaona mizere iwiri ya buluu imene panalibe munthu anaionapo. Cinali citsulo cacilendo, nacicha caesium. Cinali cocepa kotero kuti Bunsen anaphwetsa madzi olemera matani 40 kuti apeze kamcere kace kokwanira kukagwira. Taonani kusiyana kwace: cida cinaona m'dontho cimene manja anacipeza m'matani 40.

M'caka ca 1868 openda zakumwamba analozetsa cida cotere ku dzuwa, naona mzere wosadziwika. Mpweya wa mzerewo, helium, unapezeka pa dziko lapansi m'caka ca 1895, zitapita zaka 27 cidziwikire ku dzuwa.

Patapita nthawi, m'caka ca 1955, Alan Walsh wa ku Melbourne ku Australia anatembenuza nzeruyi. M'malo moyang'ana kuwala kumene citsulo cituritsa, iye anawalitsa nyale kupyola pa lawi, napima kuwala kumene citsulo camezako. Njira yace inali yosabvuta ndi yacangu, ndipo inafalikira m'nyumba zopimiramo miyala pa migodi ya dziko lonse lapansi.

Apa tione kuti njere yofiira ija si ululu masiku onse. Nthawi zina iri cuma. Dothi la pamwamba pa mwala wa mkuwa likhala ndi mkuwa woculukirapo pang'ono kuposa dothi la kwina. Makolo anali kuyang'ana miyala yobiriwira ndi malo amene mitengo ikana kumera, ndipo ofufuza a m'dziko muno anaphunzira kutsata kaduwa kena kamene kakonda dothi la mkuwa. Koma kuyambira zaka za m'ma 1950 anayamba kutola dothi ndi mcenga wa m'timitsinje m'timatumba, nazipima magawo pa miliyoni, nalemba manambala pa mapu. Pamene manambala akwera, pamenepo ndipo aboola. Nchito ya ambiri a inu inayamba ndi katumba ka dothi kotere.

KUPETA ZINTHU ZOSAONEKA

Zida zimene tachulazi zipeza zitsulo. Koma mankhwala ambiri a masiku ano, monga ophera tizirombo, abwera osanganizika ndi zinthu zina mazana-mazana, ndipo asowa kupetedwa poyamba, monga mai apeta mphale ndi licero kuti gaga apite kwace.

Njira yopetera inayamba ndi Mikhail Tsvet, wophunzira za zomera wa ku Russia. M'caka ca 1903 ku Warsaw iye anafotokoza m'mene anathirira madzi a masamba m'kapaipi ka galasi kodzala ndi ufa wonga coko. Potsika, madziwo anagawikana m'mizere yobiriwira ndi yacikasu, cifukwa utoto wina umamatira ufawo ndi kucedwa, pamene wina upitirira msanga. M'caka ca 1952 ku London, Archer Martin ndi Anthony James anacita comweco ndi mpweya. Zinthu zosanganizika zilowa pamodzi m'kapaipi kakatali, nizithamanga ngati ana a sukulu pa liwiro, niziturukira kumapeto cimodzi-cimodzi, ciri conse pa nthawi yace.

Tsono kumapetoko kunasowa mlonda wa maso akuthwa wowerenga oturukawo. Mlonda ameneyo anampanga James Lovelock m'caka ca 1957, pa nyumba ya zofufuza za mankhwala ya ku Mill Hill mu London. Cida cace cicepa kotero kuti cikhala m'cikhato. M'kati mwace muyenda kamtsinje kakang'ono ka magetsi kosaleka. Mankhwala ena, maka-maka okhala ndi chlorine, ali ndi njala ya magetsiwo. Akalowa m'katimo amezako, kamtsinje kaphwerako, ndipo colembera cilemba cizindikiro pa pepala. Cida cimeneci cinatha kupeza njere yofiira ija ngakhale m'matumba mamiliyoni atatu.

Zimene cinaonetsa zinadabwitsa dziko. Mankhwala a DDT anapulumutsa anthu ambiri ku malungo, ndipo Paul Müller, amene anazindikira mphamvu yace, analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1948. Koma opima anayamba kuwapeza m'mafuta a nsomba, m'mazira a mbalame, mu mkaka wa amai oyamwitsa, ngakhale m'mbalame za ku Antarctica kumene kulibe munda kapena udzudzu. M'caka ca 1962 mai wina wa ku America, Rachel Carson, analemba buku lochedwa Silent Spring locenjeza za mankhwala otere, ndipo m'caka ca 1972 America inaletsa DDT m'minda. Pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 linasiya khomo lotseguka kuti DDT ipoperedwe m'nyumba polimbana ndi malungo. Muyeso unathandiza anthu kusiyanitsa pamene mankhwalawo apulumutsa ndi pamene aononga.

M'caka ca 1971 Lovelock anakwera combo cochedwa Shackleton kunka ku nyanja za kumwera, napima mpweya m'njira monse. Konse-konse anapeza mpweya wochedwa CFC, wopangidwa ndi anthu kuti uziziritse mafiriji. Unali wocepetsetsa, ndipo iye mwini analemba kuti saona coopsa pa iwo. Koma m'caka ca 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anaonetsa kuti mpweyawo ukwera kumwamba ndi kudya ozone, cophimba cimene citeteza khungu ndi maso athu ku ukali wa dzuwa. M'caka ca 1985 opima a ku Britain analengeza kuti cophimbaco capyapyala koopsa pamwamba pa Antarctica, ndipo m'caka ca 1987 maiko anapangana ku Montreal kuleka CFC. Lero cophimbaco ciri kucira pang'ono-pang'ono. Phunziro lace ndi ili: cida cinena kuti cinthu ciripo ndi kuculuka kwace, koma kudziwa tanthauzo lace ndi kucitapo kanthu kutsalira anthu.

MTOBVU NDI ANA ATHU

Tsopano tibwere pafupi ndi kwathu. Clair Patterson wa ku America anali kufuna kudziwa zaka za dziko lapansi popima mtobvu m'miyala yakugwa kucokera kumwamba, ndipo m'caka ca 1956 analengeza kuti ziri pafupi-fupi zaka mamiliyoni 4,550. Pa nchitoyo anabvutika kwambiri, cifukwa mtobvu wacilendo unali kulowa m'zopima zace kucokera m'pfumbi, m'madzi ndi m'zobvala. Anamanga cipinda coyera koposa ca opaleshoni, ndipo pofufuza kumene mtobvuwo ucokera anapeza kuti wambiri uturuka m'utsi wa magalimoto, pakuti kuyambira 1923 unali kuthiridwa m'petulo. M'caka ca 1965 anacenjeza dziko. Eni malonda anamtsutsa kolimba, koma manambala ace anaima. Dziko lomariza kuleka petulo wa mtobvu linali Algeria, m'caka ca 2021.

Ku Kabwe, kumene kale kunachedwa Broken Hill, mwala wa mtobvu ndi zinki unapezeka m'caka ca 1902, ndipo mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Mgodi unaleka, koma mtobvu suola. Unatsala m'miulu ya zotaya ndi m'dothi la m'makomboni, ndipo mphepo ya cirimwe iuulutsa ndi pfumbi. Mwana wosewera pansi auika m'kamwa ndi zala zace tsiku ndi tsiku. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Mtobvu uunjikana m'mwazi ndi m'mafupa, nuononga ubongo umene uli kukula. Mwanayo saoneka ngati wodwala. Angocedwa kulankhula, angolephera masamu, ndipo aphunzitsi ndi makolo amuyesa waulesi.

Popanda zida zopimira, tsoka limeneli likadakhala lopanda dzina. Lero namwino atenga dontho la mwazi pa cala, naliika m'kabokosi, ndipo m'mphindi zowerengeka nambala ioneka. Ciriponso cida conga tochi cimene aloza naco pa dothi, niciwerenga mtobvu pomwepo. Bungwe la World Health Organization linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene udziwika kuti uli wabwino, ndipo m'caka ca 2021 linalangiza kuti nambala ikafika 5, ndiko kuti njere zofiira ngati 50 pa mamiliyoni 1,000, afufuze kumene mtobvuwo ucokera ndi kuucotsa. Madotolo amene anapima ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa anapeza ambiri opitirira 45, muyeso umene mwana ayenera kulandira mankhwala ocotsa mtobvu m'thupi, ndi ena opitirira 100. Manambala amenewa ndiwo anapatsa makolo, boma ndi mabungwe mau oti aimepo pofuna kuti dothi lakupha licotsedwe kapena kukwiriridwa, ndi kuti ana alandire cithandizo. Nchitoyo inayamba, koma siinathe.

ZOTI TICITE

Taona ulendo wautali. Nyale ya Davy inaona magawo pa 100, kabokosi ka pa lamba kaona magawo pa miliyoni, ndipo cida ca Lovelock cinapitirira pamenepo kutali. Koma kambalame kakagwa m'khola, amuna n'kukhalabe pomwepo ali kukumba, kambalameko kafera cabe. Comweco ndi makina.

Cifukwa cace, abambo a pansi, kabokosi kanu kakalira, turukani, ngakhale mphuno yanu isamve kanthu ndipo shifiti iri pafupi kutha. Musakazime, musakaphimbe ndi nsaru, ndipo musalowe pamene paphulitsidwa asananene wopima kuti mpweya wayera. Kabokosi kosayesedwa pa nthawi yace kangathe kunama. Funsani tsiku limene kanayesedwa. Zobvala za ku nchito zisalowe m'cipinda cogona ana.

Amai, mbaula igone pabwalo, ngakhale kuzizire cotani. Inu okhala pafupi ndi miulu ya migodi, wazani madzi musanasese, sambitsani ana m'manja asanadye, tsukani ndiwo zamasamba, ndipo pamene pali mwai wa kupimitsa mwazi wa mwana, pitani naye. Akakupimirani, funsani nambala yace ndi tanthauzo lace, muilembe ndi kuisunga, pakuti safunsa anadya phula. Nambalayo ndi yanu, ndipo ndiyo mboni ya mwana wanu pamaso pa dotolo, pa kanselo ndi pa ali yense wakufunsa umboni.